Nyali za Apongozi

Lolemba

Nkhani yatsimikizika. Alamu aimba foni kuchokera ku Blantyre, mawu akumveka ngati akulankhulira m'chitsime. Tikiti ili m'manja, pasipoti ili m'manja. Apongozi anyamuka pa Chileka Lachisanu, asintha ndege ku London, Loweruka masana atera kuno. Pabwalo langa! Pamsewu wanga!

Amake Grace akuvina m'khitchini. Ine ndakhala pansi, ndatsegula kope.

Chikwatirireni sindinalimepo ngakhale mzere umodzi m'munda mwa apongozi ku Dedza. Ukwati utangochitika, bwana amene ndinkawayendetsa anatumizidwa kuno ku America, ku ofesi ya kazembe, ine n'kubwera nawo, mkazi n'kunditsatira pambuyo. Bwana anabwerera kumudzi, ine ndinapeza ntchito kubwalo la ndege. Akamwini anzanga awiri amalima chaka ndi chaka, anamanga nkhokwe, anafolera khitchini. Ine ndimatumiza zithunzi. Mawu a apongozi anandipeza kudzera mwa alamu: "Ana aakazi ndili nawo atatu, akamwini awiri. Wachitatuyo ndi mlamba, anaterereka."

Atauzidwa kuti ndimasamalira nyali zimene ndege zimatsata potera, akuti anafunsa kuti, "Nanga palafini amagula yekha?"

Chabwino. Loweruka adzionera okha.

Mzere wanga ndi wa kumanzere kwa msewu waukulu wa ndege. Nyali zoyera, zolekeza m'bondo, zotalikirana mofanana ngati mapando a m'munda wa mlangizi. Ndimazipukuta, ndimazifukula zikakwiririka, ndimanyamulira amisiri a magetsi mababu. Munthu wa Sitandade Sikisi, koma ndege ya nsanjika siitera popanda kufunsa nyali zanga.

Dongosolo:

1. Apongozi akhale pazenera la kumanzere. Uthenga wapita kwa Feliya, mtsikana wobwera kudzaphunzira unamwino, amene akuwaperekeza.
2. Loweruka m'mawa kupukuta mzere wonse, galasi ndi galasi.
3. Kuweruka msanga. Kusamba. Suti ya buluu.
4. M'chipinda cholandirira alendo, ine kuima patali ndithu, pafupi ndi chipilala. Akatulukira, kunjuta, kuomba m'manja, maso pansi. Ku America kapena ayi, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi.
5. Amake Grace kunena mawu awa: "Nyali mwaona zija, mwini wake ndi uyo." Ine osanena kanthu.
6. Kunja kukhale kowala.

Nambala sikisi ndayipempherera.

Lachiwiri

Munthu wa zanyengo pa TV akuloza mapu ndi ndodo. Akumwetulira. Akuti chimphepo cha sinowo chikuchokera kumwera chakumadzulo, chifika Lachinayi, chikhala mpaka kumapeto kwa sabata. Akumwetuliranji?

Nambala sikisi yagwa. Sindikudandaula kwambiri. Kukada m'pamene nyali imaoneka ulemu wake. Masana owala payiloti amatera ndi maso ake, ife osatikumbukira. Koma kukachita mbuu, ndani amamuonetsa khomo? Mwina Mulungu wandikonzera zabwino kuposa zimene ndinapempha.

Poweruka ndalowa m'sitolo yaikulu ya ku Springfield kuno. Ndagula:

chikhothi chofika m'akakolo
jombo za ubweya m'kati
magolovesi
masokosi aatali
thalauza ya azimayi, yaubweya, yotuwa

Wogulitsa akufunsa kukula kwa chiuno. Chiuno cha apongozi! Ndayang'ana kudenga, ndaloza ya pakatikati, ndalipira, ndatuluka thukuta lili kamukamu.

Amake Grace atatsegula pepala aseka mpaka kugwira khoma. "Amayi anga avale thalauza? Kwathu wapolisi amagwira munthu ndi chimenechi. Mukufuna ayambe uchigawenga ku ukalamba?" Akuti ndibweze. Akuti amayi awo ananena kale pafoni kuti iwo ndi a ku Dedza, kuzizira akukudziwa, palibe chachilendo.

Dedza! Ku Dedza madzi a m'ndowa amangoluma zala. Kuno mphuno imauma m'kati.

Thalauza ndaibisa pamwamba pa wadirobu. Kubweza sindingathe, wogulitsa uja andifunsanso za chiuno.

Madzulo maphunziro a Grace. Kugwada. Kulandira chinthu ndi manja awiri. "Ndili bwino, kaya inu agogo." Kumva akumva zonse, koma akuyankha m'Chingerezi kuti agogo popanda thalauza auma ngati nsomba ya mufiriji. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri! Pogwada akugwada bondo limodzi ngati wojambula zithunzi. Tibwerezanso mawa.

Lachitatu

Tsoka limabwera ndi khofi m'manja.

Kapitawo wathu, a Walt, ndawafotokozera dongosolo lonse nthawi yopuma. Amvetsera bwinobwino, akutafuna ndudu yosayatsa. Kenako akuti: "Nanga mphepo ikatembenuka?"

Ndaika khofi pansi. Chinthu chimene ndikuchidziwa ngati dzina langa! Ndege imatera moyang'anizana ndi mphepo. Mphepo ikatembenuka, ndege zimalowera mbali inayo ya msewu. Zikatero, zenera la kumanzere likuonetsa mzere wa Curtis.

Curtis ndi mnzanga, munthu wabwino, wa mtima wa mkaka. Koma kupukuta kwake ndi kwa mkono wa jekete. Amadutsa nyali n'kuipatsa moni basi.

Nthawi ya nkhomaliro sindinadye. Ndapukuta mzere wa Curtis kuchokera uku mpaka uko. Iye wakhala m'lole akudya sangweji, akundiimbira nyimbo ya kutchalitchi kwawo. Akuti, "M'bale, apongozi anga amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwanga, ndipo sindinawapukutirepo ngakhale supuni." Ndamufotokozera za chikamwini: kuti kwathu mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi, amalimira apongozi, akakumana nawo panjira amapatuka n'kunjuta mpaka adutse. Wasiya kutafuna. Akuti dziko lathu likufunika mapemphero.

A Walt awonjezera zina. Akuti nyali zazikulu za kutsogolo, zija zili pamitengo yachitsulo msewu usanayambe, zija zimathwanima mothamangitsana, wokwera saziona ayi, amaziona payiloti yekha. Wokwera amangoona za m'mbali, ndipo zimadutsa ngati mphezi. Palibe kanthu. Za m'mbalizo ndiye zanga. Mphezi yoyera bwino imasiyana ndi mphezi yafumbi, ndipo apongozi ndi munthu woona kachitsotso mu ufa.

Kunyumba uthenga wina wa alamu. Apongozi akukana zenera. Akuti, "Sindikufuna kuona kumene ndikagwere." Akuti Feliya akhale kuzenerako, iwo akhale pakati, atseke maso, aimbe nyimbo za Mvano mpaka kufika.

Ndapempha amake Grace aimbenso foni. Awauze kuti mpando wa pazenera ndi wa akuluakulu, ana sakhalapo. Si bodza lenileni. Ndege ikanakhala yanga lamulo likanakhala lomwelo.

Grace lero wagwada maondo onse awiri, koma chingamu chili m'kamwa.

Lachinayi

Yayamba. Poyamba ngati phulusa la moto wa kutali. Pofika masana ngati wina akupeta ufa kumwamba ndi lichero lobooka.

Chikalata pakhomo la shedi yathu ya kuntchito: palibe wopita kunyumba mpaka chimphepo chithe. Tigona konkuno pamabedi opinda. Loweruka lomwe. Nambala fili ndi nambala folo zikugwedera.

Ndapempha a Walt mwaulemu wonse. Akuti ngati kuli bwino Loweruka masana andimasula kanthawi. "Ngati." Suti ndinabwera nayo m'mawa, mtima unandiuza. Jekete m'kabati. Thalauza ndaiyala bwinobwino pansi pa matiresi kuti mzere ukhale wakuthwa, monga tinkachitira kale tisanadziwe simbi ya magetsi.

Ndaimbira a Tembo, mnzathu wa ku Zambia wogwira ku banki, kuti Loweruka atenge amake Grace ndi mwana pagalimoto yawo. Akuti, "Mudala, muvutika na chani? Nizabatenga ba mayo. Motoka yanga siyopa sinowo." Galimoto yomweyo chaka chatha tinaikankha anthu anayi pakhomo la tchalitchi. Ndangothokoza.

Koma ntchito lero! Ndilembe kuti ndisaiwale, mwina amake Grace angadzawafotokozereko apongozi.

A kunsanja yolondolera ndege amatseka msewu kanthawi kochepa. Ndege zonse zimadikira m'mwamba, zikuzungulira ngati akabawi. Zikatero timalowa. Patsogolo magalimoto okankha, atandandana mopingasa, wina kukankhira mnzake, mnzake kukankhira winanso, mpaka sinowo yonse ikafike m'mbali. Pambuyo pawo amatsache ozungulira. Kenako chigalimoto chomeza sinowo n'kuilavulira kutali. Kenako mchenga. Kenako galimoto ya a Walt imathamanga n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi, kuyesa ngati pakuterera. Zonsezi ndi makina. Koma makinawo akamakankha amakwirira nyali, ndipo palibe makina ofukula nyali osaiswa. Pamenepo pamafunika munthu, fosholo ndi tsache. Ine!

Fukula, sesa, pukuta, thamanga. Fukula, sesa, pukuta, thamanga. Wayilesi ya m'lole ikukuwa kuti tulukani. Tatuluka. Kumwamba kulibe kanthu, mbuu. Kenako kulira. Kenako chinthu chachikulu ngati tchalitchi chikutuluka m'mtambo, chikutera pakati penipeni pa mzere wanga ndi wa Curtis. Anthu mazana ali m'katimo, sakundidziwa. Palibe kanthu. Ndikudzidziwa ndekha.

Chimodzi chokha apongozi asadzamve. Pofuna kusungunula madzi oundana pamsewu, timamwaza feteleza. Yureya weniweni! Matumba ndi matumba, pa phula, pamene sipadzamera ngakhale bonongwe. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinatsala pang'ono kulira. Apongozi amagawa thumba limodzi minda iwiri ndi kachitsekero ka botolo. Akadzamva kuti mkamwini wawo amathira feteleza pamsewu, basi, ukwati watha.

Lachisanu

Msana. Mapewa. Zala ngati chinangwa.

Amake Grace pafoni: anyamuka! Alamu awaona akukwera. Chitenje, duku, juzi ziwiri, nsapato za Lamulungu. M'chikwama muli ufa, nyemba, chambiko ndi mthiko. Za zenera sizikudziwika. Akuti pokwera masitepe sanacheuke.

Pamene ndikulemba pano ali m'mwamba. Apongozi anga, m'mwamba! Munthu amene amatsika basi ikafika pamlatho kuti awoloke wapansi.

Zoipa za lero:

Dalaivala watsopano, wobwerekedwa ku gulu lokonza misewu, walowetsa chitsulo chake chokankhira sinowo mumzere wanga. Nyali zingapo zotsatizana, thyo thyo thyo, ngati ng'ombe yalowa m'munda. Ndafika pamalopo, magalasi ali mbwee. Sindinatukwane. Ndangomuyang'ana. Akuti pepani, sizimaoneka. Ndiye ntchito yanga ndi yotani, ngati si yoti zizioneka?

Amisiri a magetsi abwera ndi zatsopano. Ine kugwira, iwo kumanga. Magolovesi kuvula chifukwa timabawuti n'tating'ono. Zayaka zonse. Koma zatsopanozo zikuwala kuposa zakale, mzere ukuoneka ngati mano a munthu woika ena agolide. Ndapukutanso zakale kuti zifanane.

Chachiwiri. Dalaivala yemweyo, chimunthu chonenepa ngati nkhokwe, wagona pabedi langa masana osafunsa, ndi zovala zonyowa. Ndatukula matiresi. Thalauza ya suti ili ndi mizere itatu, umodzi ukulowera kuthumba. Ndaipachika pafupi ndi chotenthetsera. Tsopano ikununkha dizilo.

Chabwino n'chakuti ndege zikuterabe. Mmisiri wina wa mawayilesi, wokhala m'kanyumba kofiira ndi koyera kumapeto kwa msewu, anandionetsapo kale mmene zimakhalira. Kanyumbako kamatumiza mawu osamveka ndi khutu, njira yosaoneka yotsetsereka kuchokera kumwamba mpaka pa phula. Payiloti ali ndi timivi tiwiri patsogolo pake. Kena kamamuuza kumanja kapena kumanzere, kena kamamuuza kwera kapena tsika. Amatsika osaona kanthu, kukhulupirira timivi basi. Koma pali malire. Akafika pafupi ndi pansi ayenera kukweza maso. Akaona nyali, atera. Akapanda kuziona, lamulo ndi limodzi: moto wonse, kubwerera kumwamba, osakambirana.

Ndiye kuti timivi timamufikitsa pabwalo la nyumba, koma wotsegula chitseko ndine. Mawu amenewa ndawakonda. Ndawauza Curtis. Akuti ndiwalembe pa chipewa.

Munthu wa pa TV akuti mawa ndiye tsiku lenileni. Akumwetulirabe.

Loweruka

Ndilemba mwadongosolo.

M'mawa: sinowo yopingasa, yoluma kumaso. Mphepo sinatembenuke. Kumanzere ndi kwanga! Tafukula, tasesa, yakwiriranso, tafukulanso.

Masana a Walt akuti iwalani za kumasulidwa. Suti yatsala pa msomali. Nambala fili yafa, nambala folo yafa. Ndaimba kunyumba, palibe woyankha, ndiye kuti a Tembo awatenga. Nambala faifi ikadali moyo: amake Grace anena mawu aja ngakhale ine palibe. Mwinanso n'kwabwino. Adzati, "Mwini wake ali kunja komweko, akutsegulirani njira."

Nthawi ya ndege ya ku London itayandikira, msewu watsekedwa, talowa, tapukuta komaliza. Mzere wanga lero, ngakhale mfumukazi ikanabwera! A Walt atisiya ine ndi Curtis pakamsewu ka m'mbali, pafupi ndi shedi ya mchenga, kuseri kwa mzere wofiira umene sitiloledwa kudumpha. Iwo apita ndi lole kukatenga mababu. Wayilesi yapita ndi lole.

Apa m'pamene pagona vuto. Apongozi adutsa patsogolo panga. Ine ndili chiimire m'mbali mwa njira, chipewa kumutu, fosholo paphewa? Ngati akhaladi pazenera n'kundiona? Munthu woyamba kumuona ku America akhale mkamwini wosapatuka?

Koma ndege yawo ndi iti? Kumwamba sikukuoneka kanthu. Umamva kulira kokha, ndipo ikamatulukira m'mtambo imakhala yafika kale, mtundu wa kumchira umauona itadutsa. Ulemu wochedwa si ulemu. Munthu amanjuta apongozi asanafike.

Ndiye kulira koyamba: chipewa m'manja, fosholo pansi, ndanjuta, maso pansi, ndikuomba m'manja. Magolovesi akungoti phu phu phu. Yadutsa. Ndasuzumira: kandege kakang'ono ka zopukusa mphepo kutsogolo. Si iyo.

Kulira kwachiwiri. Ndanjutanso. Ya katundu.

Curtis akufunsa ngati m'mimba mwandipotokola. Ndamukumbutsa za Lachitatu. Wandiyang'ana nthawi yaitali, sinowo ikumuunjikana pa nsidze. Kulira kwachitatu, ndamva wina akubuula pambali panga. Curtis! Chipewa m'manja, dazi pamtunda, maondo akulira ngati chitseko chakale. Akuti, "Sindingakusiye wekha, m'bale. Apongozi ndi apongozi."

Tanjutira ndege zambiri lero. Ya ku Chicago. Ya ku Texas. Ina ya asilikali. Onse alandira ulemu wa ku Dedza osaupempha. Makutu anga poyamba amawawa, kenako anasiya kuwawa, chimene Curtis akuti n'choipa kwambiri.

Kenako sinowo yakhuthuka ngati thumba lang'ambika. Shedi ili apa, osaiona. Nyali zanga ndikuona imodzi, yachiwiri mwa apo ndi apo, yachitatu palibe. Kulira kwina kukubwera, kwakukulu, kwa mainjini anayi, kogwedeza m'chifuwa. Tanjuta. Kukuyandikira, kukuyandikira, kwafika pamutu penipeni. Ndikudikira matayala kuti alire pa phula. Ayi. Mainjini akuwa mokalipa, mthunzi wadutsa, phokoso likukwera, likutalikira, zii.

Curtis akuti, "Ameneyo sanatione."

A Walt afika ndi lole. Akuti msewu watsekedwa mpaka kuchepe. Ndafunsa ya ku London. Atulutsa ndudu m'kamwa. Akuti ndi imene yabwererayo. Mafuta odikirira analibe okwanira, yapita kukatera kubwalo lina, mzinda wa kumpoto kumene sinowo yachepa. Okwera abwera pa basi.

Ndakhala pa thumba la mchenga. Sabata yonse. Mizere iwiri. Zala izi. Payiloti wakweza maso, nyali zanga osaziona.

A Walt akhala pambali panga. Akuti nyali zinali bwino, ngakhale dzuwa lenilenilo silikanaoneka pa mphindi imeneyo. Akuti, "Payiloti wabwerera uja ndiye ndingamukwezere amayi anga. Woopsa ndi amene amati mwina ndiona pang'ono patsogolo." Ndaganiza. Zoona. Apongozi ali moyo, ali pansi penapake, nyemba zawo zili m'manja. Ndege zonse zimene zinaona nyali zanga lero zatera bwino, palibe yaterereka ngakhale imodzi.

Ndiponso, ndikaganiza bwino: anadutsa pamutu panga, ine nditanjuta, chipewa m'manja. Mwambo wachitika. Mboni ndi Curtis.

Namwino wa pabwalo wandipaka mankhwala m'makutu n'kukulunga bandeji mutu wonse. Akufunsa kuti munthu wamkulu ndimavuliranji chipewa kunja kotere. Ndati ndi nkhani ya m'banja.

Lamulungu

Kwacha kowala. Kumwamba buluu ngati sikunalakwe. Atimasula m'mawa. Kutchalitchi sitinapite, misewu sinakonzeke.

Za dzulo ndazimva kwa amake Grace pakhomo, monong'ona. Basi inawatsitsa pabwalo lathu madzulo. Galimoto ya a Tembo inakana kulira pamalo oimikapo, anaikankha amake Grace, Feliya ndi wapolisi, apongozi ali m'kati, chikwama pamiyendo. Chikhothi avala. Jombo akana, akuti ndi za alonda. Grace anagwada bwino, maondo onse, koma anati "Hi."

Ndalowa ndi ovolosi, mutu uli m'bandeji ngati wochokera ku nkhondo. Apongozi akhala pansi pabalaza, pa kapeti, miyendo tambalale, sofa ali kumbuyo kwawo wopanda munthu. Ndanjuta m'kanjira kopita kubafa, theka la thupi kuseri kwa khoma. Ndaomba m'manja. Iwo atembenukira kuzenera. Moni wadutsa mwa amake Grace, kupita ndi kubwera, monga mwa dongosolo. Chimenechi chokha ndiye chayenda monga ndinalembera.

Kenako akulankhula ndi mwana wawo, mokweza kuti khoma limve.

Akuti pazenera anakhala. Feliya anawanyengerera. Akuti ulendo woyamba dalaivala anasochera, anatsika n'kukweranso, iwo anayamba kulapa machimo. Akuti ulendo wachiwiri anatsegula diso limodzi. Kunja utsi wokhawokha. Mwadzidzidzi nyali! Mzere woongoka ngati wokoka ndi chingwe, mbee, kuthamanga pambali pawo mpaka ndege inaima. Akuti anagwira Feliya pamkono n'kumuuza kuti, "Waziona? Za mkamwini wanga zimenezo."

Mkamwini wanga!

Ndatsegula pakamwa. Amake Grace andiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa. Ndatseka. Apongozi sakudziwa kuti anatera mzinda wina. Akuganiza kuti bwalo ndi limodzi, kungoti ndi lalikulu kwambiri, mpaka munthu kukwera basi kuchokera kumene ndege yaima kukafika kuchipata. Akuti n'chifukwa chake mwamunayu sankabwera kudzalima, munda wake ndi wautali kuposa kuchoka ku Dedza kukafika ku Ntcheu. Akuti akabwerera akawauza akamwini enawo asiye kudzitama ndi nkhokwe.

Mtima wanga wagawika. Nyali zimenezo si zanga. Ndi za munthu wina wa kumpoto amene sindinamuonepo, kaya amapukuta ndi nsalu kaya ndi mkono wa jekete. Zanga, zimene ndinazisamalira ngati makanda, anazidutsa pamwamba ali m'kati molapa. Koma mkamwini satsutsa apongozi. Ngakhale nditafuna, mawu anga ayenera kudzera mwa amake Grace, ndipo njira imeneyo yatsekedwa.

Ndikuti ndidzuke, akuwonjezera. "Koma uwauze. Chakumapeto, kufupi ndi pokhotera, imodzi inali yozima. Ndinaiona bwinobwino. Ntchito yabwino imaonongeka ndi kamodzi."

Yozima! Pamzere wanga sipanazimepo nyali n'kufika madzulo chiyambire ntchito. Magazi anathamangira m'makutu, mpaka anayambanso kuwawa. Amake Grace akuyang'ana kudenga, masaya akunjenjemera.

Ndinalandira chiyamikiro cha mwini wake. Ndilandirenso mlandu wake.

Ndaomba m'manja kawiri. Ndati, "Auzeni amayi kuti ndamva. Mawa m'mawa ndikaikonza."

Apongozi akuti, "Eya."

Chakudya ndadyera m'khitchini, choimirira, chitseko chotseka. Ndi mmene zikhalire mpaka adzabwerere mvula ikatha kumudzi. TV ili pabalaza, ndiye zanyengo ndizimvera kuntchito. Ndikulemba pano nditakhala pa chidebe cha zinyalala, kope pa bondo, makutu akuyabwa m'bandeji. Kuseri kwa chitseko apongozi akufunsa Grace ngati bambo ake amapuma n'komwe, ndipo mwanayo akuyankha m'Chichewa, mawu amodzi okha, koma omveka: "Ayi."